Christy Mathewson: zimene kakhadi ka m'paketi ya fodya sikanena

Ku America kuli anthu ambiri, ana ndi akulu omwe, amene amasonkhanitsa timakhadi tokhala ndi zithunzi za osewera mpira wa baseball. Ena amagula tatsopano m'sitolo, koma okhwima pa chizolowezichi amafunafuna takale, timene tidasindikizidwa zaka zoposa 100 zapitazo. Totchuka kwambiri mwa takaleto ndi timene kampani ya fodya ya American Tobacco Company idatulutsa kuyambira mu 1909 mpaka mu 1911. Makampani a fodya ankaika timakhadi m'mapaketi a ndudu pa zifukwa ziwiri: kuti paketi ilimbe ndudu zisathyoke, ndiponso kuti wogula abwerenso mawa pofuna nkhope ya wosewera amene sadamupezebe. Kakhadi kalikonse n'kakang'ono, pafupifupi masentimita 4 m'lifupi ndi 7 m'litali. Kumaso kwake kuli chithunzi cha wosewera, dzina lake ndi timu yake. Kumbuyo kuli kutsatsa fodya basi, monga Piedmont kapena Sweet Caporal.

Gulu limeneli lili ndi makhadi 524 osiyanasiyana ndipo limadziwika ndi dzina loti T206. Adalipatsa dzinali ndi Jefferson Burdick, munthu wa ku Syracuse amene adatha moyo wake akusonkhanitsa ndi kusanja makhadi, ngakhale kuti nyamakazi idamupinda thupi. Burdick adapereka zonse zimene adasonkhanitsa, zinthu pafupifupi 300,000, ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York, ndipo adamwalira mu 1963 atangomaliza kumene kuzimata m'mabuku. M'masiku ake timakhadi tambiri tinkagulidwa ndi timakobiri, koma tsopano ndi malonda a anthu achuma. Mu Ogasiti 2022 kakhadi kamodzi ka m'gulu lomweli, ka wosewera Honus Wagner, kadagulidwa madola 7.25 miliyoni, chifukwa timakhadi take totsala padziko n'tochepa kwambiri. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kuyesa makhadi. Amaona ngati ngodya zake zidakali zakuthwa, ngati pepala lidapindikapo, ngati utoto udasuluka, kenako amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10 n'kulitsekera khadilo m'pulasitiki. Mtengo umatsatira malikisi amenewo, kusowa kwa khadilo ndi kutchuka kwa wosewerayo.

Mwa makhadi 524 aja, atatu ndi a Christy Mathewson wa timu ya New York Giants, ndipo asanu ndi a Hal Chase wa timu ina ya mumzinda womwewo, imene pambuyo pake idadziwika kuti Yankees. Tikawaika pamodzi makhadi a anthu awiriwa, tiona anyamata awiri amphamvu, a nkhope zowala, aliyense ali pachimake pa ntchito yake. Pepalalo silitiuza kuti mawu a mmodzi ankadalirika pamene mnzakeyo ankagulitsa masewero kwa otchova juga. Kuti tidziwe zimenezo tiyenera kusiya chithunzi n'kutsata moyo wa munthuyo. Lero titsata moyo wa Mathewson, ndipo Chase tikumana naye panjira.

Christopher Mathewson adabadwa pa 12 Ogasiti 1880 m'katawuni ka Factoryville, m'chigawo cha Pennsylvania. Banja lake lidali la mpingo wa Baptist, ndipo mayi ake, a Minerva, ankalakalaka kuti mwana wawoyo adzakhale mbusa. Adaphunzira ku Keystone Academy kwawo komweko, kenako ku Bucknell University m'tawuni ya Lewisburg, kumene ankachita bwino m'kalasi ndi m'bwalo momwe, mpaka anzake adamusankha kukhala mtsogoleri wa kalasi yawo. Koma mkono wake udamukokera kwina. Atasankha kuti azipeza chakudya chake pa mpira, adalonjeza mayi ake chinthu chimodzi, chakuti sadzaponya mpira tsiku la Lamulungu.

Nkhawa ya mayiwa idali yomveka. Masiku amenewo baseball idali ndi mbiri yoipa. Osewera ambiri sadapite patali ndi sukulu, ndipo ankadziwika ndi mowa, ndewu ndi kutukwana. Otchova juga ankadzaza m'mabwalo n'kumacheza ndi osewera momasuka. Kholo lopemphera silikadanyadira mwana wolowa ntchito yotere.

Kwa ife amene sitidazolowere masewerowa, ndi bwino tifotokoze pang'ono. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya amaima pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba kwa wosewera wa timu inayo, amene amayesa kukamenya ndi chibonga. Akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi oikidwa m'bwalomo, ndipo akabwerera pamene adayambira, timu yake imapeza chigoli. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 9. Woponya wabwino amachititsa kuti omenya aziphonya kapena azimenya mofooka, n'chifukwa chake m'mabuku a masewerowa chipambano chimalembedwanso pa dzina la woponya. Mathewson adali woponya.

Adalowa timu ya Giants mu 1900 ndipo adayamba moipa: adagonja katatu osapambana ndi kamodzi komwe. Chaka chotsatira adapambana masewero 20. Mu 1902 timuyi idalandira mphunzitsi watsopano, John McGraw, munthu wamfupi, wapsamtima ndi wa pakamwa polusa, amene ankakangana ndi oyimbira masewero pafupifupi tsiku lililonse. Anthu ankayembekezera kuti iye ndi mnyamata waulemu wa ku koleji uja sadzamvana. Koma adakhala mabwenzi enieni, mpaka mu 1903, Mathewson atakwatira Jane Stoughton wa ku Lewisburg, mabanja awiriwa adachita lendi nyumba imodzi mu New York. Pansi pa McGraw, Mathewson adapambana masewero 30 mu 1903, 33 mu 1904, 31 mu 1905 ndi 37 mu 1908. Adali ndi kaponyedwe kake kapadera kamene kankakhotetsera mpira kumbali imene womenya sankayembekezera, koma popeza kankapweteka mkono, ankakasungira nthawi yovuta yokha.

Chimene chidakweza dzina lake m'dziko lonse chidachitika mu Okutobala 1905, pa mpikisano wa World Series umene umakumanitsa akatswiri a maligi awiri akuluakulu. Giants idakumana ndi Philadelphia Athletics. M'masiku 6 okha Mathewson adaponya masewero atatu athunthu, pa 9, pa 12 ndi pa 14 Okutobala, ndipo adapambana 3-0, 9-0 ndi 2-0. Pa zigawo 27 adaniwo sadapeze chigoli n'chimodzi chomwe. Palibe woponya wina amene adachitaponso zimenezi pa World Series imodzi. Apa n'kuti ali ndi zaka 25. Pa ntchito yake yonse adapambana masewero 373 n'kugonja 188, ngakhale kuti timu yake idagonja pa World Series zaka zitatu zotsatizana, mu 1911, 1912 ndi 1913.

Nanga lonjezo lija? Adalisunga pa zaka zake zonse za ku Giants. Tiyenera kunena chilungamo kuti malamulo adamuthandizako, chifukwa chigawo cha New York sichinkalola masewero olipiritsa tsiku la Lamulungu kufikira mu 1919. Koma ku Chicago, ku Cincinnati ndi ku St. Louis ankasewera tsikulo, ndipo ndi pamene anthu ankabwera ambiri. Timu ikapita kumeneko McGraw ankayenera kukonza ndandanda ya oponya podziwa kuti katswiri wake wamkulu tsiku limenelo saponya. Mphunzitsi amene sankamva za munthu adalemekeza lonjezo la mwana kwa mayi ake. Atolankhani adayamba kumutcha Mathewson njonda yachikhristu, ndipo makolo amene kale ankaletsa ana awo kupita ku bwalo adayamba kuwauza kuti atsanzire iyeyo. Nkhani imasimbidwanso yakuti oyimbira masewero akakayikira zimene zachitika, ankamufunsa iye ngakhale adali wa timu imodzi mwa ziwirizo, podziwa kuti sadzanama.

Komabe tisamusandutse mngelo, chifukwa manyuzipepala a nthawi yake adachita kale zimenezo ndipo adawonjeza. Mathewson ankasewera makadi a ndalama ndi anzake pa maulendo a timu. Nkhope yake idagwiritsidwa ntchito potsatsa fodya wa Tuxedo. Mu 1905, pa ndewu imene idabuka m'bwalo ku Philadelphia, adamenya mnyamata wogulitsa zakumwa. Mkazi wake yemwe, m'zaka za umasiye wake, ankakumbutsa anthu kuti mwamuna wake adali munthu wabwino koma sadali wodzionetsa ngati woyera. M'banja la kwawo mudalinso misozi imene khadi silionetsa: mng'ono wake Nicholas adadzipha mu 1909, chaka chomwecho chimene makhadi aja adayamba kutuluka, ndipo mng'ono wake wina, Henry, adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1917.

Mayeso aakulu a khalidwe lake adabwera atasiya kuponya. Mu Julayi 1916, mkono utatopa, McGraw adamutumiza ku Cincinnati Reds kuti akakhale mphunzitsi wa timuyo. Kumeneko adapeza Hal Chase, mwini makhadi asanu aja. Chase adali ndi luso losowa, ndipo chaka chimenecho ndiye adaposa onse m'ligi pa kumenya mpira. Adalinso munthu wansangala ndi wokopa polankhula. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa zaka zambiri kudali manong'onong'o akuti Chase amalandira ndalama kwa otchova juga kuti timu yake igonje. Luso lake lomwelo ndilo linkamubisa, chifukwa ankatha kuchedwa pang'ono chabe kapena kuponya mpira mokhota pang'ono, cholakwacho n'kuoneka ngati cha mnzake. Aphunzitsi ena adadandaulapo, koma eni matimu ankaopa kutaya wosewera wokoka anthu ndiponso ankaopa manyazi.

Mathewson adamuyang'anitsitsa, adamva madandaulo a osewera ake amene Chase ankawanyengerera ndi ziphuphu, ndipo mu Ogasiti 1918 adamuimitsa. Kudali kudzidula dzanja, pakuti ameneyo adali mmodzi mwa osewera ake abwino kwambiri. Mwezi womwewo Mathewson adasiya timu n'kulowa usilikali, popeza Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idali m'kati. Adapatsidwa udindo wa kaputeni m'gulu loona za mpweya wapoizoni, momwe mudalinso Ty Cobb, wosewera wina wotchuka. Cobb adadzasimba pambuyo pake kuti ali ku France, pa maphunziro a kavalidwe ka zodzitetezera, padachitika ngozi ndipo onse awiri adapuma mpweyawo.

Mlandu wa Chase udazengedwa mu Januwale 1919 pamaso pa John Heydler, mtsogoleri wa National League. Mboni yaikulu idali ikadali ku France, umboni umene udalipo udaonedwa kuti ndi woperewera, ndipo Chase adapezeka wosalakwa. Chodabwitsa n'chakuti amene adamutenga patangopita masiku owerengeka ndi McGraw. Mathewson atabwera ku nkhondo adapeza kuti ntchito yake ku Cincinnati idapatsidwa wina, choncho adabwerera ku Giants ngati wothandizira mphunzitsi. Chaka chonse cha 1919 adakhala m'timu imodzi ndi munthu amene adamuneneza, akudziwa zimene adaona, pamene pepala la akuluakulu linkati munthuyo ndi woyera. Aliyense amene adaululapo zachinyengo pantchito, n'kuona wolakwayo akubwerera pa mpando wake akumwetulira, akudziwa kuwawa kwake.

Choonadi sichidachedwe kwambiri. Mu Okutobala 1919, pa World Series ya Chicago White Sox ndi Cincinnati Reds, Mathewson adakhala pamodzi ndi mtolankhani Hugh Fullerton, ndipo awiriwa ankachonga pa pepala paliponse pamene wosewera wa Chicago wachita zokayikitsa. Fullerton adalemba za kukayika kwakeko ndipo ambiri adamunyoza. Mu Seputembala 1920 zidaululika kuti osewera ena a White Sox adalandiradi ndalama kuti agonje, ndipo mu 1921 osewera 8 adaletsedwa kusewera moyo wawo wonse. Dzina la Chase lidatchulidwanso pa mlandu umenewo, ndipo chitatha chaka cha 1919 sadasewerenso m'ligi yaikulu. Akuluakulu akadamvera chenjezo la mu 1918, mwina manyazi amenewa sakadafika pamenepo.

Panthawiyi n'kuti Mathewson akutsokomola kosalekeza. Mu 1920 madokotala adamupeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo adasamukira ku Saranac Lake, m'mapiri a kumpoto kwa chigawo cha New York, kumene odwala matendawa ankapita. Mankhwala ake adali asadapezeke, choncho chithandizo chidali kupumula, kudya bwino ndi kupuma mpweya wozizira wa m'mapiri. Atapezako bwino adavomera mu 1923 kukhala pulezidenti wa timu ya Boston Braves, koma matenda adabwerera. Adamwalira pa 7 Okutobala 1925 ali ndi zaka 45, tsiku limene World Series ya chaka chimenecho idayamba, ndipo tsiku lotsatira osewera a Pittsburgh ndi a Washington adalowa m'bwalo atamanga nsalu zakuda pamikono. Adaikidwa m'manda ku Lewisburg, pafupi ndi sukulu yake ija. Mu 1936, posankha osewera asanu oyamba olowa m'nyumba ya ulemu ya baseball ya ku Cooperstown, adasankhidwa iye pamodzi ndi Ty Cobb, Babe Ruth, Honus Wagner ndi Walter Johnson. Mwa asanuwo, iye yekha ndiye adali atamwalira. Chase adakhala ndi moyo zaka 22 kuposerapo, ndipo adamwalira ali mphawi ku California mu 1947.

Tsono tibwerere ku timakhadi tija. Osonkhanitsa makhadi amachita ntchito yabwino pamene khadi liwatsogolera kufunsa kuti munthu uyu adali yani. Ambiri a iwo amaterodi: amafufuza m'manyuzipepala akale, amawerenga mbiri, ndipo osewera mazanamazana amene akadaiwalika amakumbukiridwa chifukwa cha kapepala ka m'paketi ya fodya. Koma msika uli ndi muyeso wake. Makhadi a Mathewson amagulidwa mokwera kuposa a Chase chifukwa cha masewero 373 aja ndi ulemu wa ku Cooperstown. Woyesa makhadi akatenga galasi lake amayang'ana ngodya ndi utoto, ndipo khadi la Chase losungidwa bwino limapeza malikisi ambiri kuposa khadi la Mathewson lopindika. Palibe malikisi amene amaperekedwa chifukwa cha lonjezo losungidwa kapena chifukwa cha mwezi wa Ogasiti 1918. Nkhani ya kudzozedwa kwa Davide pa 1 Samueli 16 imatikumbutsa kuti ngakhale mneneri adatengeka ndi msinkhu ndi nkhope ya Eliabu, ndipo adachita kudzudzulidwa kuti Mulungu amayesa munthu kuchokera m'kati.

Salmo 15 limafunsa za munthu woyenera kukhala pafupi ndi Mulungu, ndipo mwa zizindikiro zimene limatchula muli ziwiri zimene taziona m'moyo uwu: kusunga lumbiro ngakhale likukupweteka, ndi kukana chiphuphu. Tisaganize kuti zimenezi zimalipira msanga. Mathewson adanena zoona ndipo bwalo lidamasula wolakwa. Adakhala wokhulupirika ndipo adafa ali wamng'ono, pamene wachinyengo uja adaona ukalamba. Ngati tiphunzitsa ana athu kuti kukhulupirika kumabweretsa chuma ndi moyo wautali nthawi zonse, tidzawagwetsa mphwayi tsiku limene adzaone zosiyana, monga wolemba Salmo 73 adatsala pang'ono kuterereka poona mtendere wa oipa. Tiwaphunzitse kuti kukhulupirika n'koyenera chifukwa Mulungu amene timamutumikira ndi wokhulupirika, ndipo mlandu umene watha molakwika pa bwalo la anthu sudathe pamaso pake.

Nafenso tili ndi makhadi athu. M'nyumba zathu muli zithunzi za makolo zopachikidwa pakhoma, zojambulidwa tsiku la ukwati kapena tsiku lolandira satifiketi, atavala zabwino koposa. Pamaliro timawerenga mbiri ya malemu: adabadwa chaka chakuti, adaphunzira kwakuti, adagwira ntchito zaka zakuti, asiya ana ndi zidzukulu zingapo. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika, koma zikufanana ndi kumaso kwa khadi. Mdzukulu akaloza chithunzi n'kufunsa kuti awa adali yani, tisamangomuuza udindo umene adali nawo. Timuuze za tsiku limene agogowo adabweza ndalama zimene adapatsidwa molakwika, za lonjezo limene adalisunga pamene lidawadyera, ndiponso za zofooka zawo ndi mmene chisomo cha Mulungu chidawanyamulira. Mwana amene amangomva za makolo opanda banga amataya mtima akaona banga lake, koma amene wamva za munthu weniweni amadziwa kuti nayenso angathe kuima.

Ndipo tidzifunse tokha, ife amene tili m'maofesi, m'misika, m'masukulu ndi m'mipingo. Kodi pali lonjezo limene tidapanga kwa kholo, kwa mkazi kapena mwamuna wathu, kapena pamaso pa mpingo, limene tayamba kulipeputsa chifukwa palibe amene akutiona? Kodi pali Chase wina pantchito pathu amene tonse tikudziwa zochita zake, koma takhala chete chifukwa amabweretsa phindu kapena chifukwa tikuopa kudedwa? Mneneri Malaki, pa mutu 3, amanena za buku lachikumbutso limene limalembedwa pamaso pa Mulungu za anthu omuopa. Bukulo silisuluka utoto ndipo siligulitsidwa pa msika, ndipo zimene zalembedwamo ndi zomwe zija kakhadi sikatha kuonetsa. Mulungu atithandize sabata ino kusunga mawu athu ndi kukana chiphuphu, ngakhale pamene palibe wotijambula.